Sinowo wa m'kontena ya ayisikilimu

Lolemba

Kwagwa sinowo ku Romford kuno. Sukulu sanatseke, ngakhale msewu wonse wayera.

Madzulo amami akuyankhula pa vidiyo ndi Anti Tamanda a ku Croydon. Kumeneko kwangogwa mvula. Ana awo, Mphatso ndi Takondwa, abwera chaka chino kuchokera ku Blantyre ndipo sinowo sanamugwirepo. Anawo akulira pa foni. Amami akuti, "Musalire, bwerani Loweruka. Achimwene anu akusungirani."

Achimwene akewo ndi ine. Palibe wandifunsa.

Koma ndaganiza. Ulendo watha anawa atalowa m'chipinda mwanga ndinaluza izi: mahedifoni, chikuto cha buku la sayansi, ndi batani limodzi la pa kompyuta lomwe mpaka lero limanunkha chiponde. Sinowo akakhalapo Loweruka, asewera panja. Akasewera panja, chitseko changa chikhala chotseka. Ndiye sinowo ameneyu ndimusungadi.

Lachiwiri

Adani a ntchito yanga:
dzuwa, limene mwezi wonse silinaoneke koma lero latulukira;
mphaka wa aneba;
adadi.

Adadi akuopa kuterereka, ndiye awaza mchere wa kukhitchini kuseri konse, ngati akukonza nyama yoti ayanike. Pofika kuchokera kusukulu ndapeza matope okhaokha. Woyera watsala padenga la shedi basi.

Ndakwera pa bini, ndakokolola ndi chowolera zinyalala chotsuka bwino, ndadzaza makontena asanu a ayisikilimu. Makontenawa kwathu ndi ambirimbiri. Chibadwire sindinatsegulepo imodzi n'kupezamo ayisikilimu. Mumakhala nyemba, nkhwani, kapena chinthu chabulauni chimene amami okha ndi amene amachidziwa dzina.

Ndawapanikiza mufiriza, pakati pa nkhuku zolimba za kumsika ndi chambo chimene chinabwera m'sutukesi.

Lachitatu

Amami atulutsa kontena m'mawa kuti ndiwo zisungunuke pofika madzulo. Madzulo atsegula. Madzi, ndi tsamba limodzi likuyandama.

"Ndani wadya nyemba zanga n'kuthiramo madzi?"

Ndafotokoza bwinobwino, mwaulemu. Akuti, "Madzi a padenga mufiriza mwanga? Iwe uli bwinobwino?"

Analonjeza ndi iwowo! Ndawakumbutsa. Akuti ankangotonthoza ana. Nanga anawo akudziwa kuti kunali kutonthoza? Takondwa watumiza kale uthenga wa mawu: "Achimwene, sinowo wanga ali bwanji?"

Tadya mazira. Makontena atsala anayi.

Lachinayi

Ndalemba chizindikiro pa zivindikiro zanga. Zopanda phindu. M'nyumba muno chivindikiro chimapita pa kontena iliyonse imene chakwana, ndipo amami usiku anasanjanso firiza yonse.

Adadi atenga kontena imodzi ngati chakudya cha masana kuntchito. Aiika mu maikulowevu anzawo akuyang'ana, atawauza kale kuti lero alawa nyemba za kwathu. Uthenga wafika ndili m'kalasi: "Ndadya mabisiketi. Tikambirana."

Takambirana. Kwenikweni ayankhula ndi iwo. Akuti mnyamata wa msinkhu wanga amayenera kukhala ndi anzake, osati kuweta madzi.

Lachisanu

Kwabwera mlendo, mnyamata wa kutchalitchi amene akuphunzira ku yunivesite, amakhala ku Wembley. Kwa amami mlendo sabwerera chimanjamanja, makamaka wophunzira woonda. Amukulungira makontena awiri m'jumbo. Ine ndili pa masitepe, ndikuona zonse. Ndatsegula pakamwa, amami andiyang'ana ndi diso lija loti mwana salowerera za akulu.

Mnyamatayo wathokoza mpaka kuwomba m'manja. "Mayi, mwandipulumutsa, wikendi yonse sindiphika."

Panopa ali m'sitima, wanyamula denga la shedi yathu pamiyendo. Ndikumumvera chisoni, koma pang'ono. Iye waluza ndiwo, ine ndikuluza chipinda.

Yatsala imodzi. Ndaikwirira pansi penipeni, kunsi kwa chambo.

Loweruka

Afika atavala ngati akupita kumwezi: majekete awiriawiri, zipewa, magolovesi. Panja pali udzu wonyowa ndi bini.

Ndawaimika kuseri, ndabweretsa kontena, ndatsegula mwaulemu wonse. Nyemba.

Mphatso wandiyang'ana. "Sinowo wa kuno ndi wofiira?"

Ndiye kuti amami asanjanso firiza. Ndabwerera, ndakumba mpaka zala kufa, ndaipeza yeniyeni. Koma sinowo wa Lachiwiri salinso sinowo. Wauma gwa ngati njerwa, ndipo akununkha nsomba. Ndamupala ndi chopalira karoti. Anti Tamanda akujambula pa foni kuti atumize kumudzi, akundiuza kuti ndizimwetulira.

Taumba munthu. Kutalika kwake ngati mandasi awiri osanjikiza. Maso ndi nyemba. Takondwa wanyambita chala n'kunena kuti, "Sinowo amakoma ngati chambo." Akauza anzake onse kusukulu, ndipo ndilibe mphamvu zomukonza.

Mphatso watola chibuma chotsala n'kundigenda, chifukwa pa TV amatero. Pa TV sinowo amamwazika. Uyu sanamwazike. Mlomo wanga watupa.

Kenako manja awo ayamba kuwawa ndi kuzizira, onse awiri kulira. Anti akuti, "Mayo ana anga! Akafunde kuchipinda kwa achimwene awo, n'kumene kumatentha."

Sabata yonse ya ntchito yawasunga panja nthawi yochepa kuposa yowiritsa dzira.

Lamulungu

Agona pabedi panga. Ine pa sofa, ndi mlomo wanga. Mahedifoni atsopano akumveka khutu limodzi. M'chofunda changa muli zinyenyeswa za mabisiketi. Kutchalitchi mnyamata wa ku Wembley wapereka moni kwa aliyense kupatula ine.

Ponyamuka, Takondwa wabwera ndi kamunthu kaja m'manja. Kanagona mufiriza, diso limodzi lagwa. Akuti dzina lake ndi Bambo Chambo. "Achimwene, muwasunge. Ndizibwera Loweruka lililonse kudzawaona."

Loweruka lililonse.

Ndikanatha kuwasiya Bambo Chambo pafupi ndi hita. Ndinaganizadi zimenezo. Koma mwanayo anaima pakhomo osasuntha mpaka ataona ndawabwezera diso, ndawaika m'kontena ya ayisikilimu, ndatseka. China choikamo m'nyumba muno mulibe.

Panopa ndili m'chipinda, ndikutola zinyenyeswa. Pansi ndikumva amami akutsegula firiza, akufuna ndiwo za mawa.

Sinditsika.