Mano a Polepole

Aphunzitsi, ikani kaye chikho cha chambikocho pansi, chifukwa mwalankhula mawu olemera muli pakhonde pa mwini wake. Mwati ku Karonga kuno kulibe golide, mwati buku la jogalafe silinena, ndipo anesi apa avomera ndi mutu ngati mchombo wawo unakwiriridwa kuno. Inu mwabwera dzana kuchokera ku Dedza, Chinkhonde mwangogwirapo "ndagha" yekha, koma mukufuna kundiuza za m'mimba mwa phiri la Ilundo, ine Ambokile amene ndinalowamo ndi miyendo yangayi n'kutulukamo ndi mkazi. Amene akuti ndi bodza anyamuke pompano, njira ya kusukulu akuidziwa. Wotsala atseke pakamwa. Ine ndine mkulu wa mpingo, kunama ndinasiya ndisanamere mano.

Phirilo mumaliona mukaima pabwalo la mpira n'kuyang'ana kumadzulo, lija lakuda bii ndi nkhalango, limene mtambo umagonapo ngakhale m'chilimwe. Kumtunda kwake mitengo ndi yothithikana moti dzuwa limachita kuodira, ndipo mvula ya chaka chino ikagwera pamasamba imadzafika pansi chaka chamawa. Majeremani, nkhondo yoyamba isanawapirikitse, ankaoloka Songwe kudzakumba golide kumeneko. Anasiya maenje akuya kuposa zitsime, nkhalango n'kuwavundikira ndi ziyangoyango ndi masamba owola, mwakuti munthu umayenda pamwamba pa manda ako ukuimba mluzu.

Nthawi imeneyo n'kuti dziko litangolandira ufulu, makhadi a chipani akadali kununkha inki, ine ndili mnyamata wowongoka, mtima wanga wonse uli pa mtsikana wina dzina lake Tusekile. Kwanu ku Dedza mwamuna amangopinda mkeka n'kukalowa chikamwini, koma kuno mkazi amatuluka pakhomo pa bambo ake ng'ombe zikalowa m'khola. Zina ndinali nditapereka kale. Inatsala imodzi, yaikazi, ndipo apongozi ananena pamaso pa anthu kuti ikapanda kufika mpunga wa kudambo kwawo usanathe kumwetedwa, mwana wawo amutenga kalaliki wina wa kuboma, munthu wa ku Zomba wa njinga ya magiya ndi mafuta m'tsitsi. Ndinkamukonda mtsikanayo, anesi, musaseke. Ndikakumana naye akuchokera kumtsinje ndinkaiwala kumene ndikupita.

Ng'ombe yotsalayo anandipatsa ndi bambo anga aang'ono okhala kuseri kwa Ilundo. Dzina lake inali Polepole, chifukwa inkaponda ngati ikuopa kudzutsa nyerere, koma inali msoti weniweni, mano onse ali mbee, ndipo mawu amenewa muwasunge, mano onse ali mbee. Njira yozungulira phiri inali itadulidwa, Rukuru atadzaza, ndiye ndinati tingodutsa pamwamba. Tili pakati pa nkhalango, ine patsogolo, ndinangomva chingwe chapepuka m'manja. Kucheuka, ng'ombe palibe. Pali chibowo, ndipo belu la m'khosi mwake likulira ngo, ngo, ngo, kutsikira pansi, kulira, kulira, moti ine ndinakhala pachitsa, ndinadya nthochi zanga zootcha, ndinapemphera, ndinawenga zikhadabo za kumanja ndi za kumiyendo zomwe, belu likadali pa ulendo. Mukumva? Pamenepo ndinamuona kalaliki uja m'maganizo akupukuta njinga yake ndi kampango, ndipo ndinalumphira m'dzenjemo.

Kugwa kumeneko n'kumene kunandiphunzitsa jogalafe imene inu mumalandirira malipiro. Machesi ndinali nawo, ndinkayatsa ndikupita. Poyamba ndinadutsa katondo wofiira, kenako mwala wamchenga wosanjikizana ngati mabulangete m'sitolo ya Mmwenye, kenako malasha amene anandidetsa malaya, kenako dongo loyera limene linandiyeretsanso, ndiye mafupa, aphunzitsi, mafupa a chinyama chakalekale chimene nthiti yake imodzi ndinaiyesa mlatho, ndipo pansi pa zonsezi mwala wolimba wa mawangamawanga, umene ndiwo msana wa dziko, wodutsidwa ndi mitsempha ya nsangalabwi yoyera. Nthawi inalipo yokwanira, moti pena ndinkabwerera m'mwamba pang'ono kuti ndionetsetse. Ndinakagwera pamsana pa Polepole, imene inali itangofika kumene, ndipo sinadandaule.

Pansipo ndinapeza zonse monga anazisiyira eni ake: tinjanji topapatiza, ngolo zadzimbiri, mbano, chipewa chopachika pamsomali, ndi ketulo imene inali ikadali yofunda, chifukwa mwala wa kumeneko umatentha wokha. Njira zinalowera uku ndi uku. Chokwerera kumwamba panalibe, msipu panalibe, machesi n'kutha. Ndinakhala mumdima ndikumva ng'ombe yanga ikunyambita khoma, chifukwa mwalawo unali wamchere, ndiye kunyambita kuja kunasanduka kukukuta, khukhuru, khukhuru, osapuma, mpaka itakhuta inagona pansi n'kuyamba kubzikula. Itangotsegula pakamwa, mumgodi monse munawala ngwee, mileme inayesa kwacha n'kupita kukagona. Inali itadya mtsempha wathunthu wa golide umene Majeremani anauphonya ndi chikhatho chimodzi, ndipo mano ake apansi aja, pajatu ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'mwamba, kaya buku lanu limanena, onse anali atasanduka golide mpaka kumizu. Kyala, Mulungu mwini, ndiye mboni yanga.

Nyali ndiye ndinaipeza, vuto linali loti ikatseka pakamwa mdima unkabwerera. Choncho ndinkayenda pambali pake ndikuibwerezera ulaliki wa abusa athu akale, iyo n'kumayasamula, ine n'kumaona njira.

Tinafika pachipinda china chachikulu kuposa tchalitchi, pamene madzi amatumphuka pansi n'kumenya mwala wosongoka n'kugawikana, ena kupita ku Rukuru, ena ku Lufilya, ena ku Songwe, ndipo Polepole, pokhala itadya mchere wambiri, inaika mlomo pa Lufilya n'kuumwa wonse, ndiye mukafunse akuluakulu a kumeneko za tsiku limene anatola nsomba ndi manja pamchenga. Itatha kumwa inayamba kudzikanda pamzati wa mwala umene umachirikiza chigwa chino, ndipo kunja kuno kunachita chivomezi, miphika inagwa m'mathandala, chigwa chonse ndi nyanja yake chinatsika pang'ono, ndipo mpaka lero chikutsikabe chifukwa mzatiwo sindinaubwezeretse bwino, ndinali pa changu. Mukumva? Kenako tinasokera, tinayenda, tinayenda, mpaka pamwamba pa mutu wanga ndinamva mayi wina akuti, "Karibu chai." Tinali titafika pansi pa Tanzania. Masiku amenewo munthu wotulukira ku Tanzania wopanda pasi pobwerera ankatchedwa chigawenga, ndipo ng'ombe yake nayonso ankaiyesa chigawenga chinzake. Ndinaigwira mchira n'kuitembenuza mwakachetechete.

Tinatulukira pakasupe wa madzi otentha uja wa m'munsi mwa phiri, titasamba kale. Ndinaima padzuwa n'kuyang'ana m'kamwa mwa ng'ombe yanga, ndipo pomwepo chimwemwe chinandithera. Lamulo ndinkalidziwa: chilichonse chochokera pansi pa nthaka n'cha boma. Ndinasenda luzi n'kuimanga pakamwa ndithu ndithu. Pamsewu wa kumsika tinapeza ayufi atapingasa mtengo, tcheyamani wa chipani ali pampando pansi pa mango. Khadi langa linali lonyowa koma linawerengeka.

"Nanga ng'ombeyi mwaimangiranji pakamwa?" anafunsa tcheyamani.

"Kuti isalankhule zandale, bwana," ndinatero.

Tcheyamani anaimirira, anaisisita pamphumi, nati ndi ng'ombe yomvera, anthu ena a m'dera lino atengerepo chitsanzo.

Pamenepo ndinapulumuka, koma kutsogolo kunali apongozi. Munthu wa kuno salandira ng'ombe ya malowolo asanaikanule pakamwa, anthu onse akuona, kuti adziwe msinkhu wake. Akanangoikanula, dzuwa lisanalowe galimoto ya boma ikanabwera kudzatenga ng'ombe, ine n'kukwera kumbuyo kwake kukafotokoza, ndipo ng'ombe ikatuluka m'khola ukwati umatuluka nayo. Njira ina inalipo. Ndikanabwerera m'kasupe muja, ndikanatulukira kwa mayi wa chai uja, ndikanagulitsa dzino limodzi lokha n'kugula lole, lachiwiri n'kugula msewu woyendamo loleyo. Ndinaima pachulu ndikuganiza zimenezi, ndipo kuchokera pachulupo ndinaona dambo la apongozi lonse lili chiputu, kwatsala kandime kamodzi ka mpunga, Tusekile ali momwemo ndi chikwakwa, akumweta pang'onopang'ono ngati dzanja lathyoka, akuweramuka kawirikawiri kuyang'ana kuphiri. Njinga ya magiya inali itatsamira kale pamtengo wa pabwalo.

Ndinalowa m'thengo ndi ng'ombe yanga. Dzino loyamba ndinalimangirira ndi chingwe kumtengo wa mbawa n'kuimenya Polepole pathako, koma chimene chinazuka ndi mbawa. Ndiye ndinatulutsa mbano ya Majeremani ija, imene inali italowa yokha m'thumba mwanga, n'kuzula limodzi limodzi, ng'ombe ikulira, inenso ndikulira, chifukwa palibe mmphawi amene anagwirapo chuma chotere m'manja kanthawi kochepa chotero. Onse ndinakawaponya m'kasupe, madzi anati kwiti, basi. Azungu amene akuboola ku Kayelekera masiku ano ndi timakina tolira tikayandikira mwala, inu mukuyesa tikulirira chiyani? Akungofuna mano a Polepole, koma ayambira phiri lolakwika.

Ndinafika pabwalo mtolo womaliza wa mpunga uli pamutu. Anthu anasonkhana. Apongozi anaizungulira ng'ombe, anaigwira mchira, anaigwira bere, kenako anaikanula pakamwa n'kupeza nkhama zokhazokha.

"Mwana wanga," anatero, "uyu ndi msoti, kapena agogo ake a msoti?"

Bwalo lonse linaphulika, kalaliki anaseka mpaka mafuta a m'tsitsi anatsikira m'khosi, ine ndili njo, wosatha kunena chilungamo chifukwa tcheyamani anali atatilondola. Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe m'mafupa kukazizira. Apongozi analowa m'nyumba, anakhalitsamo, ndipo atatuluka anangoti, "Ilowe m'khola." Ine ndikudziwa chifukwa chake. Mkulu uja anali ndi diso, anaona kachikasu kotsalira m'nkhama, anazindikira kuti mkamwini wake si munthu wamba.

Mukuti chiyani, Tusekile, amake Lusekelo? Petani mpunga wanuwo, nkhani ino ndi ya amuna ophunzira.

"Mwe aphunzitsi, imwani chambiko chanu, chilowa ntchentche. Ng'ombe ija inabadwa Majeremaniwo asanabwere, mano inalibe n'kale. Tata analowa m'nyumba kudzandiuza kuti akuibweza. Ine ndinawayankha kuti ikatuluka pachipata ndituluka nayo, ndikakhale ndi wabodza wangayu ngakhale m'dzenje lakelo."

Mwamva? Mwamva nokha ndi makutu anu? Wanena yekha kuti inalibe mano, nanga ine ndakhala ndikunena chiyani? Ng'ombe imafika bwanji pabwalo yopanda mano ngati munthu sanawazule?

Koma izo za kutuluka nayo pachipata, zaka zonsezi, ana mpaka adzukulu, mayi ameneyu anali asanandiuzepo. Anesi, musandiyang'ane m'maso choncho, si matenda, ndi mankhusu a mpungawa, akupetera kumphepo dala.

Aphunzitsi, mawa mubwere nalo buku lanulo tidzalikonze.