Mahopu Amene Achimwene Anandisiyira

Nkhani iyi ndimainena ndi manyazi. Mukafuna kuseka sekani, poti ku Mbamba Bay kuno, tsidya lino la nyanja ku Tanzania, anthu anaseka kale mpaka anatopa. Koma dziwiranitu kuti muli maliro m'katimu.

Ine ndimagulitsa kaunjika, amene kuno amati mitumba. Ndinabadwira ku Ndirande, ndipo khasu ndinayamba kuligwira ndili ndi ndevu kale. Mkazi wanga, amake Tamanda, anakulira kumudzi ku Ntcheu. Mfundo imeneyi muisunge.

Achimwene anga, a Fanuel, anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito pa famu ya mahopu. Mahopu ndi chomera choyanga chimene maluwa ake amathira mu mowa wa m'mabotolo kuti uziwawa bwino. Atadwala, sanafune kuti amayi awaone mmene anathera, ndiye anadzawoloka nyanja pa sitima n'kubwera kwa ine. Munthu amene kale ankandinyamula ndi dzanja limodzi, ndinachita kumubereka kuchokera padoko.

M'chikwama chawo munali malaya awiri, mapilitsi, ndi timizu titatu tokulunga m'nyuzipepala yonyowa.

"Mphwanga," anatero, "zaka zonse zija chimene ndabwera nacho ndi chimenechi. Udzale. Usalole kuti zife."

"Zimafuna chiyani, achimwene?"

"Chingwe chachitali, zimakwera ngati zamisala. Zimakonda kozizira. Kufamu tinkaziyatsira magetsi madzulo kuti tsiku litalike. Ndipo pokolola uzivala magolovesi, zimayabwa."

Anafuna kuwonjezera zina, koma chifuwa chinawagwira. Patatha masabata atatu, mu Ogasiti, tinawaika m'manda a kumtunda kuno.

Pamaliropo panabwera amayi ndi alamu anga, mkazi wa malemuyo, amene anagwirako ntchito pa famu yomweyo zaka ziwiri asanabwerere ku Malawi ndi ana.

"Alamu," anandipempha, "mundigawireko muzu umodzi, anawa akhale ndi chokumbukira bambo awo."

"Ayi, alamu. Anasiyira ine."

"Basi ndikuuzeniko kasamalidwe kake."

"Anandiuza zonse."

Kenako, mtima uli m'mwamba ndi chisoni, ndinalonjeza pamaso pa amayi: "Chaka chamawa, tsiku lovundukula chiliza, nkhata ya pamanda pano idzakhala ya mahopu a achimwene!" Amayi analira. Ine ndinamva ngati munthu wamkulu.

Ndinadzala kuseri kwa nyumba. Ndinazika nsungwi zitalizitali, n'kumangirira zingwe, n'kuzunguliza mpanda wa bango kuti mbuzi ndi maso a anthu zisalowe. Patapita masabata awiri tinatuluka timphukira titatu, towonda ngati ulusi. Tinakwera kufika m'mabondo, basi, tinaima pomwepo. Dzuwa la Okotobala la kunyanja kuno mukulidziwa. Masamba anayamba chikasu.

Ndinati ndi ludzu. Ndinathirira m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka pansi panasanduka dambo. Chikasu chinawonjezeka.

Ndinati ndi njala. Ndinakasesa zinyenyeswa za usipa pa matandala a asodzi n'kukwirira pa mizu. Amphaka onse a Mbamba Bay anachita msonkhano kuseri kwa nyumba yanga, ntchentche zikutumikira.

Ndinati ndi dzuwa. Ndinatenga makatani a m'belo amene anakanika kugulidwa n'kupachika pamwamba. Dimba linaoneka ngati chipinda cha mkwatibwi, koma mahopu phee.

Ndiye ndinakumbukira za magetsi. Ndinapita kwa jirani wanga, woyandikana naye nyumba, Mzee Haule, msodzi, kukabwereka karabai, nyale ija amakopera usipa. Dzuwa likangolowa ndinkaipachika pa nsungwi. Tizilombo tonse touluka tinabwera kudzaona, ndipo tikatopa ndi nyaleyo tinkatsikira pa masamba kudzadya.

Tsiku lachitatu Mzee anasuzumira pampanda.

"Jirani, pole," anandipepesa m'Chiswahili. "Kodi n'chiyani? Usipa wayamba kukwera kumtunda?"

"Ndikutalikitsa tsiku, Mzee."

"Mubweze karabai yanga," anatero.

Apa n'kuti mantha atandigwira zenizeni. Ndinkalowa m'dimbamo m'mawa uliwonse n'kupeza tsamba lina lagwa, ndipo ndinkaona ngati ndikuonereranso achimwene akutha pamphasa. Alamu akaimba foni kufunsa, ndinkati zili bwino kwambiri. Akati nditumize chithunzi, ndinkati ayi, ndi sapulaizi.

Chinatsala ndi kuzizira. Kuzizira sindikanatha kukunyamula, koma ndinaganiza kuti dothi lochokera kozizira ndikhoza. Ndinakwera pikipiki, njinga yamoto ija, kulowera msewu wa ku Mbinga, mpaka kumapiri kumene mphepo imaluma makutu. Ndinalowa m'tchire, pansi pa ziyangoyango, n'kukumba dothi lakuda bii, matumba awiri. Ndinadzathira pa mahopu anga ndikupemphera.

Mvula itagwa mu Disembala, pakati pa timitengo todwala tija panatuluka mphukira ina. Yonenepa! Yobiriwira! Inagwira chingwe yokha popanda kuiphunzitsa. Lero ili m'chiuno, sabata yamawa yandipitirira mutu. Ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira. "Achimwene, zatheka!"

Ndinaitana amake Tamanda kuti adzaone. Anaima pakhomo la mpanda, manja m'chiuno, osalowa.

"Bambo a Tamanda, masamba a timitengo tanu tija ali ngati chikhatho. Awa ali atatuatatu ngati nyemba."

"Tija n'todwala. Awa ndiye athanzi."

"Ichi ndi chitedze."

"Mwati chiyani?"

"Chitedze. Kwathu timachithawa."

Magazi anandikwera. Chitedze ndinkachidziwa ndi dzina lokha, za m'nkhani za anyamata opulupudza kusukulu, koma kunena kuti chimene achimwene ananyamula kuchokera ku Joni ali pafupi kufa ndi chitedze, ndinamva ngati atukwana maliro.

"Ku Ntcheu kuli mahopu? Munayamba mwapitako ku Joni inu?"

"Nanga inu munapitako?"

Tsiku lomwelo ndinagula loko n'kukhoma pampanda.

Pofika Epulo, timitengo titatu tija tinauma mpaka pansi. Ndinati ndi bwino kuchotsa zakufa, zisamalimbirane chakudya ndi chamoyo. Ndinakumba. Mizu yake inali itanenepa, yolimba gwa, koma ndinalibe nayo ntchito. Ndinaiponya pamoto wa zinyalala, ndipo inkalira kuti tsiii, ikutuluka madzi.

Chomera changa chija chinachita maluwa ofiirira, olendewera m'magulumagulu. Ndinayang'ana zithunzi za mahopu pafoni: maluwa obiriwira, ooneka ngati timananazi tating'ono. Anga sanali choncho. Kenako panabwera zikhokhombe zopindika, zaubweya wonyezimira ngati golide. Pafoni panalibe zikhokhombe. Ndinadziuza kuti nyengo ya kunyanja imasintha zinthu, poti inenso ndinabwera kuno ndili woyererako.

Tsiku lina ndinakhudza chimodzi ndi chala. Mayo! Chalacho chinayaka mpaka m'chigongono. Ndinadzikanda ndikuseka ndi chimwemwe. Achimwene ananena kuti zimayabwa! Umboni wina ukanafunikanso wanji?

Ogasiti anafika, chiliza chinamangidwa. Amayi ndi alamu anatsika sitima. Amake Tamanda anagula nkhata ya maluwa a pulasitiki n'kundigwira dzanja.

"Chonde, bambo a Tamanda. Tikaike iyi. Za kuseri zija muzisiye kuseri komweko."

"Chabwino," ndinatero. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

M'mawa wa tsikulo, azimayi ali kalikiliki kuphikira alendo, ndinavala magolovesi, jekete ya m'belo yofika m'mabondo, ndi mpango kumaso. Ndinadula chomeracho mosamala, n'kupota nkhata yaikulu ngati tayala la njinga, zikhokhombe zouma zili lende kuzungulira. Ndinaiika m'katoni n'kumata ndi tepi.

Kumanda kunali anthu ambiri: a mpingo wathu, amayi a kwaya ndi yunifolomu zawo zoyera, Amalawi anzanga a pamsika, ngakhale Mzee Haule. Mwera unkawomba mwamphamvu kuyambira m'mawa. Abusa analalikira, anavundukula nsalu pa chiliza, anthu anaimba. Amake Tamanda ankangoyang'ana katoni ija, kenako ine, kenako katoni.

"Muli chiyani umo?" ananong'ona.

"Makandulo."

Itakwana nthawi ya nkhata, ndinanyamuka. Ndinakaima kumutu kwa manda, mphepo ili kumsana kwanga, anthu onse ali kutsogolo kuti aone bwino. Ndinavalanso magolovesi.

"Amayi, alamu, abale nonse. Achimwene anandisiyira chomera. Chinandivutitsa, anthu ena anandiseka, ena m'nyumba mwanga momwe anachinyoza. Koma lero lonjezo ndakwaniritsa!"

Ndinang'amba tepi, ndinakweza nkhata m'mwamba. Inali itafinyika m'katonimo, ndiye ndinaikutumula kawiri, katatu, kuti itambasuke.

Padzuwa paja panaoneka kafumbi kagolide, kokongola zedi, kakuuluka kupita kwa anthu.

Mayi wina wa kwaya ndiye anayamba kukuwa. "Upupu! Jamani, upupu!"

"Mayo ine, chitedze!" Amenewo anali amake Tamanda.

Zimene zinatsatira sindidzaziiwala. Abusa anayamba ndi kudzikanda m'khosi mwaulemu ndi chala chimodzi, kenako ndi manja onse, kenako ndi ngodya ya buku la nyimbo. Amayi a kwaya anavula mipango n'kumakwapulana nayo pamsana. Wina ankadzikhula pa mtengo ngati mbuzi. Wina ankadzola dothi la pamanda a eni ake. Mzee Haule ananena mawu a Chiswahili amene pamanda satchulidwa, n'kuyamba liwiro kulowera kunyanja, theka la mpingo lili pambuyo pake.

Ine ndinali chiimire, nkhata ili m'mwamba.

"Musaope!" ndinakuwa. "Mahopu amatero! Amayabwa pang'ono!"

Alamu anabwera pafupi, maso ali psuu, mikono yatupa kale mizeremizere. Anayang'ana nkhata ija kamodzi kokha.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Mahopu a achimwene."

"Awa si mahopu. Ndakolola mahopu ndi manja angawa. Alibe zikhokhombe. Ichi mwachitenga kuti?"

Ndinakumbukira tchire la ku msewu wa Mbinga, ziyangoyango zija, ndi dothi langa lakuda matumba awiri. Nkhata inandipulumuka n'kugwera pa chiliza.

"Nanga mizu itatu ija?" anafunsa alamu. "Sinamere?"

"Inamera. Koma inauma mu Epulo. Inafa."

"Munaikumba? Inali yowola?"

"Ayi. Inali yonenepa, yolimba."

Alamu anasiya kudzikanda. "Alamu, mahopu amatero chaka chilichonse. Amauma pamwamba, muzu umagona, nyengo yake ikafika umaphukanso. Chaka choyamba amakula pang'ono chifukwa akumanga muzu. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani pamaliro paja. Anali amoyo. Ali kuti?"

Ndinamvanso kulira kuja kwa pamoto, tsiii.

"Ndinatentha," ndinatero.

Alamu sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya mbama. Anangokhala pansi pambali pa chiliza cha amuna awo n'kuyamba kulira, dzanja limodzi kumaso, lina likukanda mwendo. Kuyabwa kwanga kunali kutalowa m'jekete, koma sindinayerekeze kudzikanda. Chinthu chimodzi chokha chimene achimwene anabwera nacho patatha zaka zonse zija, ndinachiwotcha ndi manja anga kuti chitedze chipeze malo.

Pamandapo tinatsala anayi: ine, alamu, amake Tamanda, ndi amayi. Amayi sanathawe. Anakhalabe pa chitenje chawo, akudzikanda pang'onopang'ono pamkono, akundiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikabwera ndi lipoti la kusukulu.

"Amayi, pepani," ndinatero. "Ndimafuna kuwalemekeza."

"Ndamva," anatero amayi. "Tsopano chotsa chinthucho msanga. Mkulu wako wagona chaka chathunthu mwamtendere, usamuyambitse kudzikanda m'bokosi."

Amake Tamanda anachotsa nkhata yanga ndi ndodo, n'kuikapo ya pulasitiki ija. Ilipobe mpaka lero, sinaumepo, sinayabwepo munthu.

Kuyambira tsiku limenelo, chinthu chikamakula bwino m'manja mwanga, ndimayamba ndaitana amake Tamanda kuti adzandiuze dzina lake.