Fomu ya ndege ya asilikali

Lolemba
Lero ofesi ya pabwalo la ndege ndi yanga! A Mwafulirwa, akalaliki athu, ali ku maliro ku Karonga. Ine wotchetcha udzu ndili pampando wawo, khadi la chipani m'thumba, bolopeni kukhutu. Akubwera a Kaputeni a asilikali. Akuti Loweruka ndege yawo ikalondera nyanja mpaka ku Likoma, idutsa pamwamba pa madzi a Mozambiki. Fomu ipite ku Lilongwe msanga kuti a tsidya lija adziwitsidwe, apo ayi aiwombera. "Mukalemba bwino, ndikunenerani mukhale wachiwiri kwa kalaliki." Ine, wa Sitandade Faifi yakale? Zatheka kale.

Lachiwiri
Fomu ikufuna:
njira
kutalika kwa m'mwamba
nthawi yonyamukira
ndi tina tachizungu tosafunika kwenikweni.
Mapu ali m'kabati. Kiyi wa kabati ali ku Karonga, akulira nawo maliro. Palibe kanthu! Ndikupita kwa apongozi anga a Che Bwanali, asodzi amene nsomba zonse zimawapatsa moni. Akuti, "Malire? Ukayamba kuona mitengo ya paphiri la tsidya umodziumodzi, walowa kwa eni."

Lachitatu
Ndikulemba ndi zilembo zonenepa ngati za pasitolo ya ku Dwangwa.
Njira: pa mtengo wa mango, kulunjika kotulukira dzuwa, kukhotera kumpoto mitengo ija ikaoneka.
Kutalika: migwalangwa mazana awiri kuisanjikiza.
Nthawi yandivuta. Apongozi akukana kutchula koloko. "Wapanyanja salonjeza ola, mwanangu. Amanyamuka mwera ukaleka." Ndalemba momwemo: mwera ukaleka, Inshallah. Fomu yokongola chonchi sinalembedwepo kuchokera ku Benga mpaka ku Ulaya.

Lachinayi
Ndikuwerenga fomu patelefoni. Ku Lilongwe kwayankha mayi wa mawu okoma. "Bambo, nanga mwerawo uleka nthawi yanji?" Ndikuti mayi, zimenezo funsani Mwini mphepo. Kenaka akuti ndibwereze za migwalangwa pang'onopang'ono, aitane anzawo amve nawo. Ndabwereza katatu! Wina mpaka akutsokomola. Ku likulu andidziwa.

Lachisanu
Fomu yakanidwa. Ati a ku Mozambiki amafuna manambala, ndiponso kudziwitsidwa masiku atatu ndege isanauluke. Loweruka lapita m'madzi. A Kaputeni awerenga pepala langa chilili, avula chipewa, avalanso. "Akulu, ndege si bwato." Ndikuti bwana, zonse zimaopa mphepo imodzimodzi. Apinda pepala, alowetsa m'thumba la malaya. Ndikuganiza akukaliika m'galasi, alikoleke pakhoma.

Loweruka
Mwera! Mafunde ngati nyumba, mabwato onse ali pamchenga, malata a chimbudzi cha ofesi apita kukacheza ku Mwadzama. Ndikuuza aliyense kumsika kuti ndapulumutsa ndege ya boma ndi asilikali anayi. Pofika kogulitsa usipa akwana khumi ndi awiri. A Mwafulirwa afika pa basi ya masana, atsekula kabati, alemba fomu ina tiyi asanazizire. Manambala okhaokha, yosakoma kuwerenga.

Lamulungu
Za wachiwiri kwa kalaliki zafera pomwepo. A Kaputeni atumiza mawu: poti mphepo ndimaidziwa, m'mawa uliwonse ndiziyang'ana kansalu kolendewera pamlongoti kumapeto kwa bwalo, n'kukawauza a Mwafulirwa kumene kaloza. Udzunso ndizitchetcha ndithu. Mayi a kunyumba akufunsa ngati udindo watsopanowu uli ndi mpando. Ulibe. Chabwino, msana wanga sunazolowere zotsamira.