Kuperekeza a Bisiketi pa Gudumu

Amayi a mumpingo mwathu akakumana nane masiku ano, maso awo amayamba afika pa lamba wanga, moni n'kubwera pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Koma popeza nkhaniyi yayenda kuchokera ku Bowie, tawuni yathu kuno kutsidya kwa nyanja, mpaka ku Laurel, ndipo pa khomo lililonse ikuphuka nthambi yatsopano, ndaona kuti n'kwabwino ndiifotokoze ndekha, mwadongosolo. Chinthu chimodzi chidziwike poyambirira pomwe: gudumu la mphaka ndinasankha bwino. Zinazo n'zimene zinavuta.

Mphakayo si wanga. Ndi wa mwana wathu wamkazi, Tadala, amene anatisiyira pamene a kuntchito kwake anamutumiza kunja kwa chaka chathunthu. Poyamba ndinakana. Kumene ine ndinakulira, mphaka ndi wantchito: amagona pansi pa nkhokwe, malipiro ake ndi makoswe, ndipo palibe amene amamufunsa mmene wadzukira. Uyu anabwera ndi bedi lake, mbale zake, ndiponso dzina loti Bisiketi (pa za dzinali sindinafunsidwe maganizo). Panja sankatuluka, chifukwa msewu wathu ndi wa magalimoto okhaokha, ndipo kuseri kwa nyumba kumadutsa nkhandwe.

Tsono nthawi imeneyo n'kuti nditangopuma pa ntchito. Mayi a Tadala amalawira kupita ku chipatala kumene amagwira ntchito, choncho m'nyumba tinkatsala anthu awiri, mmodzi wa ife wamchira. Ndikakhala pa tebulo masana, iye ankakwera pa mpando woyandikana ndi wanga n'kumandiyang'ana. Tandiuzani inu owerenga: munthu woleredwa bwino angadye bwanji mlendo akumuyang'ana? Ndinkamunyemerako. Lero kachidutswa ka nkhuku, mawa usipa uja achibale amatibweretsera m'masutukesi, mkuja kachikopa ka nsomba. Patapita miyezi, thupi lake linayamba kufuna ulemu, moti ndinaleka kumunena kuti "iwe". Wamimba yotero sungamuitane ngati kamwana. Kuyambira pamenepo anakhala a Bisiketi.

Tadala atabwerako n'kupeza nyumba ku Alexandria, tawuni ina ya konkuno, anabwera kudzationa. Atangolowa anaona a Bisiketi atadzaza theka la sofa, ndipo anaima chilili. (Mwana ameneyu amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, mawu ake ndawaveka Chichewa ndine.)

"Adadi, mwamuchita chiyani? Wanenepa chonchi?"

"Zikomo mwanawe," ndinatero. "Tayesetsa."

Anatitengera kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo atawaika pa sikelo ananena zomwezo, ine n'kuthokozanso, Tadala n'kundiponda phazi. Pamenepo m'pamene dokotalayo anandifotokozera kuti mafuta otere amabweretsa matenda a shuga ndi kuphwanya kwa mafupa, kuti chakudya chiyenera kuchepa, ndipo thupi lizigwira ntchito. Anati kwa amphaka osatuluka panja kuli magudumu akuluakulu amene amathamangamo ali m'nyumba momwemo.

Pobwerera, ine ndikuyendetsa galimoto, Tadala analankhula osandiyang'ana.

"Ndimutenga. Inu simungathe kumukaniza chakudya."

Sindinganene kuti mtima unandipweteka, popeza mphakayo, monga ndanenera, si wanga. Ndingoti ndinaganizira za mpando uja woyandikana ndi wanga, masana, uli wopanda munthu, ndipo ndinapitirira msewu wokhotera kwathu. Ndinapempha kuti andipatse mpata mpaka Khirisimasi.

"Chabwino," anatero. "Akapanda kutsika pa sikelo, ndibwera ndi kabokosi kake."

Kusankha gudumu si ntchito ya munthu wopupuluma. Ndinawerenga zonse zimene ogulitsa analemba pa intaneti, ndipo ena ndinawachotsa pa mpikisano chifukwa cha kalembedwe kokha (munthu wosasamala mpumiro sangasamale bawuti). Kenaka ndinatenga tepi yosokera ya mayi a Tadala n'kuyeza a Bisiketi kuyambira pa mphuno mpaka pa tsinde la mchira, chifukwa gudumu likachepa, msana wa mphaka umapindika ngati uta pothamanga. Popondapo pafunika kukhala potakata ndiponso pokhakhala pang'ono, kuti zikhadabo zizigwira koma zisamakodwe. Ndinakana lililonse lokhala ndi mipata yoti phazi n'kulowamo. Ndinafunanso la tsinde lolemera, loti silingagwe ngakhale wokweramo atakhala wa msinkhu wa athuwa, komanso losalira ngati chigayo. Limodzi lokha ndilo linakhoza mayeso onsewa, ndipo linali lalikulu kuposa onse.

Litafika ndinalimanga ndekha, motsata malangizo, osatsala ndi bawuti ngakhale limodzi m'manja. Ndinaliimika pabalaza, pafupi ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu, kuti wothamanga aziona mbalame. (Zenera limeneli mulisunge m'maganizo, libweranso.) Mayi a Tadala pobwera ku ntchito analizungulira, chikwama chili m'manja.

"Bambo a Tadala, chimenechi n'cha mphaka, kapena mwayamba kumanga ngolo?"

"N'cha mphaka."

"Ng'ombe zake zikafika mundiuze, ndichotse kapeti."

A Bisiketi nawo sanathandize. Masiku oyamba ankagona m'katoni imene gudumulo linabweramo. Nditataya katoniyo, analowa m'gudumu n'kugona pansi pake, ndipo popeza limagwedezeka pang'onopang'ono ngati msana wa mayi wobereka mwana, tulo tawo tinakoma kuposa kale. Ndinayesa nthenga yomangirira ku ndodo. Ndinayesa kanyali kofiira kaja amati amphaka amapenga nako. Iwo ankangotsatira ndi maso, monga munthu wamkulu amaonerera ana a eni akusewera. Masamba a mitengo anayoyoka, kuzizira kunayamba, sikelo ili pomwepo.

Chipulumutso chinabwera ndi a Mwanza, mnzanga wa ku Lusaka amene amakhala ku Laurel. Ataona gudumulo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ba mdala, mwagulila pusi njinga? Kwatu bangakambe ati ndimwe mfiti." (Chinyanja chawo ndachisiya monga anachinenera, ndinaleka kalekale kuchikonza.)

Atatsanzika ndinawaperekeza. Ine sindisiya mlendo pakhomo monga amachitira kuno. Ndimafika naye pa galimoto, ndipo popeza galimoto imaima pafupi kwambiri, timaipitirira mpaka pa mphambano n'kubwerera, kuti kuperekezako kuyenere dzina lake. Tikuyenda choncho, ndinacheuka n'kuona a Bisiketi pa zenera paja, akuyenda m'mbali mwake motitsatira. Ife titabwerera, iwonso anabwerera. Ndinakumbukira kuti nthawi zonse ndikanyamuka kupita kukhomo, iwo amadzuka n'kuyenda pambali pa mwendo wanga. Pamenepo ndinazindikira cholakwa changa, ndipo ndinachita manyazi. Chaka chonse chija ndinali nditawaphunzitsa khalidwe. Sadya okha, ndipo sayenda okha. Ine ndinkauza mlendo kuti njira ndi iyo, pitani, nditakhala pa mpando.

M'mawa mwake ndinawanyamula n'kuwaimika m'gudumu. Ndinaima pambali pake n'kuyamba kuyenda pamalo amodzimodzi, ngati wapolisi pa perete. Anandiyang'ana, ananyamula phazi, gudumu linasuntha. Ndikaima, ankaima. Ndikafulumira, ankafulumira. Ndipo popeza kuperekeza mwakachetechete n'kuthamangitsa mlendo, tinkacheza: za mvula ya kumudzi, za ana a masiku ano, za nkhandwe ija. Ndikatopa ndinkanena mawu amene amanenedwa pamapeto a ulendo wotere: "Ine ndibwerere pano. Mukafike bwino, mukapereke moni kunyumba." Iwo ankatsika n'kukamwa madzi. Tinkatero m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku. Palibe buku limene linandiuza njira imeneyi, ndipo ndimanyadira nayo mpaka lero.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti woperekeza nayenso amayenda. Kolala ya malaya inayamba kundikhwepa. Kutchalitchi anthu anayamba kundipatsa moni ndi mawu otsika, n'kumagwira dzanja langa nthawi yaitali. Ine ndinkayesa ulemu. Mayi a Tadala ndiwo anandimasulira.

"Anthu akuti sindikukupatsani chakudya. Ena akuti mukudwala koma tikubisa."

"Auzeni zoona."

"Ndikawauze kuti amuna anga amaperekeza mphaka? Bola azinena kuti mukudwala. Ndipo lambayo boolani, thalauza likukuthawani."

Ndinakana. Lamba wachikopa chenicheni saboola ndi msomali ngati chitini. Ndinati ndidzapita naye kwa wosoka nsapato ndikapeza mpata.

Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike, Tadala anabwera ndi kabokosi kaja ndi sikelo. Ndinavala tayi, popeza linali tsiku la mayeso. Anakhala pa sofa napinda manja.

"Sikelo yokha siyokwana," anatero. "Ndikufuna ndione kuti amathamangadi, osati kungogwedeza gudumu. Mukaima ndisananene, ndimutenga."

Tinayamba bwino. Koma a Bisiketi, ataona kuti pali woonerera, anachita zimene sanachitepo n'kale lonse: anachoka pa kuyenda n'kulowa pa liwiro. Woperekeza satsalira, choncho nanenso ndinayamba kuthamanga pomwepo, dzanja lamanzere litagwira thalauza m'chiuno. Tili m'kati motero, ndinamva nyimbo panja, yotsika, ya mtundu uja amaimba pofika pa khomo la wodwala. Ndinayang'ana pa zenera. Pa kapinga panali pataima amayi a mumpingo, zitenje pamwamba pa majekete, patsogolo pali mayi Mwanza, akazi a mnzanga uja, atanyamula poto wokutidwa ndi nsalu. Anabwera kudzandipempherera. Nyimboyo inazima mawu amodziamodzi, mpaka anatsala mayi mmodzi wakumbuyo amene sankaona bwino. (Mayi a Tadala amati anaiwala kundiuza za ulendowu. Ndakhala nawo zaka zambiri, ndipo sindinawaonepo ataiwala kanthu.)

Chitseko chinatsekulidwa, amayi analowa. Ndinayang'ana Tadala, iye anapukusa mutu kuti nthawi sinakwane. Ndinayang'ana kabokosi kaja pansi, kakamwa kali yasa. Ndinasankha kupitiriza. Koma alendo akalowa m'nyumba mwako sungawasiye opanda moni, ngakhale uli pa liwiro. Mayi Mwanza anapatsira mnzawo poto uja, nandiyandikira mosamala, natambasula dzanja. Tsono inu mukudziwa kuti munthu wamkulu sapatsidwa moni ndi dzanja limodzi. Lamanja limapita kutsogolo, lamanzere limagwirizira pa chigongono. Zimenezi sindinaziganizire n'komwe. Manja anachita okha zimene anaphunzitsidwa ndili mwana.

Sinditalikitsa. Thalauza linatsika mwakachetechete mpaka mu akakolo. Chimene ndingadzitamande nacho n'chakuti m'kati ndinali nditavala chovala chachitali cha nyengo yozizira, chochapa ndiponso chosita. Sindinaime. Ndinapitiriza ndi timasitepe tating'onoting'ono ngati munthu womangidwa unyolo, gudumu likuzungulira, tayi ikuuluka, mpaka Tadala, amene tsopano anali atagwa pa sofa misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, anakweza dzanja kuti basi. Ndipo popeza a Bisiketi satsika asanatsanzikidwe, ndinatembenukira kwa iwo pamaso pa amayi onse aja.

"Ine ndibwerere pano. Mukafike bwino, mukapereke moni kunyumba."

Anatsika n'kupita kukamwa madzi. Amayi ena ankayang'ana kudenga, ena ankawerenga maluwa a pa kapeti. Woyamba kupeza mawu anali mayi Mwanza.

"Atate ba Tadala, kansi pusi iyenda kuti?"

"Sindinawafunsepo, mayi," ndinayankha ndikukweza thalauza. "Koma kumene akupitako sapita okha."

Mayi uja wakumbuyo anafunsa monong'ona ngati pemphero lichitikebe.

"Lichitike," anatero mayi a Tadala. "Pemphererani ine."

Alendo atapita (ndinawaperekeza mpaka pa mphambano, dzanja lili m'chiuno), Tadala anaika a Bisiketi pa sikelo. Anali atatsika. Osati kwambiri ngati ine, koma anatsika. Tadala anayang'ana gudumu, anayang'ana ine, kenaka ananyamula kabokosi kake kopanda kanthu.

"Ine sindingathamange naye chonchi tsiku lililonse, adadi. Akhale."

Madzulo omwewo mayi a Tadala anaboola lamba wanga ndi msomali, osandifunsa.

M'poto muja munali nkhuku yamsuzi, yophikira wodwala, ndipo amayi anaisiya ngakhale wodwalayo sanapezeke. Mawa lake titabwera kutchalitchi ndinakhala pa tebulo, ndipo a Bisiketi anakwera pa mpando wawo n'kuyamba kundiyang'ana. Dokotala analetsa, Tadala analetsa, ndipo ine mawu awo ndinawamva bwinobwino. Ndinawanyemera kachidutswa kakang'ono chabe, popeza madzulo tinali ndi ulendo.