Tsiku Limene Ndinajambula Bwalo la Mpira ndi Mbuzi

Mpaka lero ndikamadutsa pachigayo anyamata amakodolana n'kumati, "A Koyilo akubwera." Ine ndimangoyang'ana kumwamba ngati ndikufuna mvula. Dzinali sindinabatizidwe nalo kutchalitchi ku Guilleme ayi. Ndinachita kulisaka ndekha, dzuwa likuswa mtengo, khamu la anthu likuonerera.

Inali nyengo ya kampeni. Mukudziwa mmene zimakhalira: anthu amene zaka zonse amangokuthira fumbi ndi galimoto mwadzidzidzi amayamba kufunsa za chifuwa cha ana ako. Kwathu kunabwera mkulu wina wofuna ukhansala, tinkangoti a Shado. Anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunditcha "injiniya", chifukwa ndinawauza kuti kusekondale masamu ndinkawatafuna (ndinalekera Fomu 2, koma zimenezo sanafunse). Mutu unandikulira pomwepo. Ndinayamba kudziona ndili wapampando wa komiti ya chitukuko, ndikuyenda pakanjinga kamoto, anthu akupatuka.

A Shado analengeza kuti kukhala mpira, timu ya m'mudzi mwathu ndi anyamata akumalire, aja otutira anthu katundu panjinga. Mphoto yake mbuzi yamoyo. Ine anandipatsa udindo wojambula bwalo latsopano, popeza lakale mwini malo anali atalimapo mtedza.

M'mawa wa tsikulo foni inalira. Anali a Shado.

"Injiniya, mbuzi ili m'njira, kungoti galimoto yativuta pa Kamwendo. Koma anthu aone mphoto ndi maso. Pezani ina yongoimirira, yanga ikafika tisinthanitsa."

"Musade nkhawa, bwana," ndinatero ine, munthu wopanda ndi nkhuku yomwe.

Mbuzi pakhomo pathu inalipo imodzi, ya mayi a Chisomo, akazi anga. Anawasiyira ndi malemu mayi awo, ndipo anaitcha Dona. Inali ndi bere, choncho ngakhale m'chilimwe anzake akamayenda mwaufulu, iyo inkakhala pachingwe kuopa akuba. Dona ali ndi mawu akeake, osasa ngati a mkulu wosuta chingambwe. Akalira, mudzi wonse umadziwa kuti ndi wa kwa ndani.

"Bambo a Chisomo, dzuwa likakwera mumupatse madzi Dona," anatero akazi anga popita kudimba.

Madzi ndinamupatsa ndithu (pamenepo palibe angandinene). Kenaka ndinamuveka nsalu ya chipani pamsana n'kumukokera kubwalo.

Mizere ya m'mbali sinandivute. Ndinayeza ndi mapazi, ndikuwaza phulusa la m'chitini chomwe ndinabooleza ndi msomali. Vuto linali pasenta, pamene pamafunika mzere wozungulira bwinobwino. Pamafunika chikhomo ndi chingwe, koma chingwe chokhacho chinali m'khosi mwa Dona, ndipo kumumasula sindikanayerekeza.

Apa ndi pamene nzeru zinandibwerera, ndipo ndinaseka ndekha ndi chimwemwe. Kodi munaonapo malo amene mbuzi yomangidwa yadya udzu nthawi ya dzinja? Amakhala ozungulira ngati lichero, opanda pokhota. Mbuzi ndi kampasi yoyenda yokha! Ndinakhoma chipika chonenepa cha bulugamu pakati pabwalo, n'kumangapo chingwe ndi mfundo yolimba kwambiri kuti Dona asathawe. Chitini cha phulusa ndinachipachika m'khosi mwake. Ine kutsogolo ndi mbale ya madeya, iye pambuyo, phulusa likugwa lokha.

Abale, zinkakoma. Ndinkalakalaka aphunzitsi anga a masamu akanandiona. Titatsala pang'ono kumaliza ndinaona kuti mzere sukukumana ndi pamene tinayambira, ukudutsa chamkati pang'ono. Ndinati mwina Dona wapinda khosi, tibwerezenso. Sindinaganize kuti chingwe chomangidwa molimba chimakulungika pachipika, ndipo ukazungulira kamodzi chimafupika.

Nthawi yomweyo lole ya kampeni inatulukira ndi masipika ake, nyimbo ili pamwamba. Dona anadzidzimuka n'kuliyatsa liwiro. Koma mbuzi ya pachingwe ingathawire kuti? Anangoyamba kuzungulira. Ine pambuyo kuti ndimugwire, osadziwa kuti ndine amene ndikumuthamangitsa. Iye kuzungulira, ine kuzungulira, chitini chikulavula phulusa, lina pansi, lina kumaso kwanga. Chingwe chinapitirira kukulungika mpaka khosi la Dona linakagunda pachipika. Ine chizungulire chinandigwetsa, ndinangokhala pansi phwata pambali pake.

Nditatsegula maso, bwalo linali litazunguliridwa ndi anthu. Tangoganizani zimene ankaona: mzere woyera wopotana kulowera mkati, pakati pake mbuzi yovala nsalu, pambali pake bambo wamkulu woyera phulusa kuyambira tsitsi mpaka kumapazi, maso ali psuu.

Kaputeni wa anyamata akumalire anayandikira, koma anaima patali ndi mzere.

"Mudala, manje ivi ni vichani?"

"Ndi senta, mwana wanga."

"Senta ya bwanji monga koyilo ya udzudzu? Mwatsilika bwalo imwe! Ise apa sitiponda."

Ndinayesa kufotokoza za kampasi, koma palibe anamva. Choipa kwambiri n'chakuti anyamata a timu yathu anabwera kudzandithokoza. Goloboyi wathu anandinong'oneza kuti, "Madala, bwanji simunatiuze kale kuti mumatha zimenezi? Chaka chonsechi takhala tikungogonja."

Mkangano uli mkati, a Shado anafika pagalimoto yawo. Ndinasuzumira kumbuyo: munalibe mbuzi, munalibe ngakhale fungo la mbuzi.

"Bwana, yanu ija?" ndinafunsa chapansipansi.

"Injiniya, mbuzi ndi mbuzi," anatero akundisisita paphewa, kenaka anapukuta dzanja ndi kampango.

Anakwera palole, namva madandaulo a mbali zonse, natenga maiki. Munthu uja pakamwa anadalitsidwa, zimenezo sindingamumane.

"Anthu anga, ine ndine munthu wa umodzi! Ngati mankhwala ali mwa mbuziyi, iphedwe pompano, matimu onse adye pamodzi, mpira useweredwe!"

Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Ndipo ine, mwamuna wa mwini mbuzi, ndinaomba nawo m'manja (manja anaomba okha, ndikulumbira). Mkulu wina wokazinga nyama pachiwaya anayamba kunola mpeni pamwala. Apo m'maganizo ndinaona nkhope ya malemu apongozi anga, ndinaonanso katundu wanga ali m'thumba panja pa nyumba, popeza ine kumeneko ndine mkamwini.

Ndinathamangira kulole. "Bwana, mbuziyo ili ndi bere."

"Ndiye kuti ndapereka zambiri kuposa zimene ndinalonjeza," anayankha akumwetulira anthu.

Wolengeza pamwambowo anafuna kukometsa zinthu. Anakoka waya mpaka m'mphepete mwa mzere, natambasula dzanja kuloza maiki kwa Dona. "Imvani mphoto ikutsanzika!" Dona sanakhumudwitse. Analira ndi mawu ake onse osasa aja, masipika n'kuwanyamula kudutsa mudzi, kudutsa manda, mpaka kudambo.

Wa mpeni uja anachedwa chifukwa nayenso ankaopa kuwoloka phulusa, ankadikira kuti wina abweretse madzi amchere owaza. Madziwo asanafike, anthu anayamba kupatuka okha kumbali ya kudambo. Mayi a Chisomo anatulukira, matope ali m'miyendo, kheni yothiririra ndiwo idakali m'manja. Mizere imene amuna onse ankaiopa, iwo anangoiponda ngati akupita kukhitchini. Ine sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa khofi.

Anamuvula Dona nsalu ija, naikutumula, naipinda bwinobwino. Anapita kulole, napinda maondo mwaulemu wonse.

"Bambo, nsalu yanu iyi. Mbuziyi ndi yanga. Nanga yanu ili kuti?"

Maiki inali yoyatsa. Funso lija linamveka bwalo lonse, ndipo amayi analilandira ngati nyimbo: "Yanu ili kuti? Yanu ili kuti?" Anyamata akumalire anayamba kuliza mabelu a njinga.

A Shado sanachedwe. "Anthu anga, za mbuzi funsani bambo oyera phulusawa. Ine sindikuwadziwa bwinobwino, tangokumana m'kampeni momwemu."

Uinjiniya unathera pomwepo, ndi kanjinga kamoto komwe.

Koma chilango chinali chisanayambe. Mfundo yanga ija inali itakwiririka pansi pa chingwe chokulungika. Wina anapereka mpeni kuti tingodula, akazi anga anakana.

"Chingwenso n'changa. Amasule mmene anamangira."

Choncho ndinamugwira Dona m'khosi n'kuyamba kuzungulira naye chobwerera, pang'onopang'ono chifukwa cha bere, kutsata mzere wanga womwe uja kuchokera mkati mpaka kunja. Amayi ankaomba m'manja motsatira mapazi anga. Apo ndi pamene wina anakuwa kuti, "Pitani nayo, a Koyilo!" ndipo dzina linakhazikika.

Mpira unaseweredwa atawaza madzi amchere, ndipo timu yathu inagonja monga mwa masiku onse. Mphoto ndikhulupirira idakali pa Kamwendo.

Kunyumba mayi a Chisomo sanakalipe. Anamupatsa Dona madeya, namusisita pamimba, kenaka anati, "Bambo a Chisomo, mbuzi ija yazungulira chipika chifukwa munaimangirira. Nanga inu, amene mwakhala mukuzungulira bambo ajawa mpaka khosi kugunda, anakumangani ndani?"

Katundu wanga sanatulutsidwe, koma Dona atabereka ana awiri ndinauzidwa kuti ndiziwaonera patali.

Komabe pa nkhani ya masamu sindigonja. Njira ija inali yolondola. Chimene chinafunika n'kumanga chingwe molekerera kuti chizitembenuka pachipika, basi. Ndakhala ndikupempha kuti ndionetse anthu kamodzi kokha, pabwalo la pakhomo pomwepa, kopanda lole. Koma Dona akangondiona ndanyamula chitini amalira, ndipo mayi a Chisomo amamva ngakhale popanda masipika.