Buluku Langa pa Benchi ya Kanema

Komiti yopulumutsa holo yakale ya kanema ku Ndirande kuno inandipempha kuti ndifotokoze mbiri ya holoyo. Zonse ndinanena, kupatula nkhani imodzi ya manyazi. Lero ndaganiza zongoulula.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Filimu isanayambe ankaika nyimbo ya fuko, ndipo wosaimirira ankatengedwa ndi anyamata a malaya ofiira. Zobwerako sizinkadziwika. Mabuluku a belu, aja otambalala kumiyendo, analinso oletsedwa, koma ife anyamata tinkavalabe mozemba.

Loweruka lina masana ndinavala belu wanga watsopano n'kutenga chibwenzi changa, Esinta. Tinalowa moyambirira, ine dyoo kubenchi yakutsogolo.

"Achimwene, penti sanaume ameneyo!" anakuwa a Saidi, eni holo. "Tapentera a tcheyamani a chipani, akubwera lero."

"Musadandaule, madala, wauma kale," ndinayankha, ndisanakhudze n'komwe.

Esinta anayala mpango n'kukhalapo. Ine ndinakana. Mwamuna wa m'tauni kukhalira mpango?

Holo inadzaza, a tcheyamani anafika, nyimbo inayamba. Onse nji! Esinta nayenso nji, mpango kutsala pabenchi. Ine kuti ndidzuke, benchi yakana. Ndinakokanso. Yakanabe!

"Dzukani, mufuna kufa?" ananong'oneza Esinta.

"Ndamatirira!"

Ndinaona malaya ofiira awiri akubwera. Ndinaganiza za amayi anga ku Nsanje. Basi ndinamasula lamba, kuvula nsapato, n'kusolokamo m'buluku muja ngati mbewa. Ndinaima chilili, manja m'mbali, nditavala kabudula wamkati wosokedwa ndi thumba la ufa. Kuwala kwa makina kunandiomba kumsana, timiyendo tanga tiwiri n'kuoneka pachinsalu chonse.

Nyimbo inatha. A tcheyamani anayang'ana ine, anayang'ana belu ali yala pabenchi.

"Amayi ndi abambo, mwaona?" anatero. "Mnyamata uyu wamva nyimbo ya fuko, chikumbumtima chamugwira, wavula yekha chovala choletsedwa! Disipulini ndi imeneyi! M'manja!"

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, ngatidi ndinachita kukonza.

"Tsono nonse ovala belu muno, tengerani chitsanzo. Pompano!"

Abale, malamba analira holo yonse. Mzere wathu wokha, anyamata asanu ndi mmodzi. Wina analibe chamkati, anachita kubwereka chipewa cha a Saidi. Filimu yonse ya makaubowi tinaonera mawondo ali pamtunda, kumbuyo kwanga mawu akungobwera: "Tikupeza panja, chitsanzo iwe."

Anandipezadi. Esinta anapita kwawo yekha, ndipo chaka chomwecho anakwatiwa ndi telala.

Mwezi watha, pochotsa matumba a chimanga amene anthu ankasunga m'holomo, komiti inaipeza benchi ija. Chigamba chimene chinatsalira pomatula buluku langa chikadali pomwepo, thumba lakumbuyo ndi batani lomwe. Mayi wina wophunzira, amene amatsogolera komitiyo, wachitchinga ndi galasi.

"Agogo, izi ndi heriteji, chuma cha mbiri yathu," anandiuza. "Kapena inu mukumudziwa mwini wake?"

"Anamwalira kalekale," ndinatero msanga.

Pakhomo panamveka chifuwa. Gogo Esinta, msungichuma wa komiti!

"Lembani dzina, mwanangu," anatero. "Malemuwo ndi awa mukuyankhula nawowa."

Kuyambira tsiku lija lakale, ndisanakhale paliponse, ngakhale m'tchalitchi, ndimayamba ndagwirapo ndi chala.