A Kandulu ndi siling'i ya pabalaza

Ana inu, mwambi uwu chiyambi chake n'chotere.

Ku Chilomoni kunali a Kandulu, bambo wokonda kutamidwa kuposa chakudya. Apongozi awo aakazi, a Nangondo, ananenapo pagulu kuti mkamwini wawo sadziwa ngakhale kukhoma msomali. Mawuwo anawalasa mtima. Ndiye atamva kuti mayiwo akubwera kudzacheza, analumbira kuti achotsa chitonzocho.

Anagula timatabwa tosemedwa maluwa, tokongoletsera m'mphepete momwe siling'i imakumana ndi khoma. Mlamu wawo Fulaye, yemwe anali kalipentala, anadzipereka.

"Alamu, ntchito imeneyi imafuna wina wogwirizira. Ndibwere?"

"Iyayi! Kuti mukauze amayi anu kuti mwakhoma ndinu? Khalani kwanu."

Akazi awo, a Esinati, anawatumiza kudepoti kukachingamira mayi awo. Atatsala okha anakwera patebulo n'kuyamba kuzula timatabwa takale, uku akuimba mluzu. Chimene sanadziwe n'chakuti misomali ya siling'iyo inali itatha kale ndi dzimbiri, ndipo timatabwa takaleto nditomwe tinkaigwira.

Atangozula komaliza, anamva kuti phwee! Chibolodi chachikulu chinayamba kutsika. Anachitchinga ndi mutu, manja n'kugwira m'mbali, ndipo hamala inagwa pansi. Basi, atsekeredwa. Kutsika sakanatha, kukhoma sakanatha, ndipo kukuwa kuti aneba abwere kunali kochititsa manyazi. Anangoima chilili, thukuta kamukamu, khosi likuwawa ngati asenza thumba la simenti.

Kenaka pakhomo panamveka, "Odi kuno!"

A Esinati anali atabwerako kudepoti ndi mayi awo. A Nangondo analowa, n'kukhala pamkeka pafupi ndi tebulo lomwelo. Atakweza maso anagwira pakamwa. Inu mukudziwa, mkamwini salonjera apongozi ali chiimire, nanji atakwera patebulo, mapazi ake ali pafupi ndi nkhope yawo!

"Muli bwanji, apongozi?" anatero mayiwo, akuyang'ana kumbali.

"Ti-tili bwino, kaya inu amayi," anayankha a Kandulu, mutu osagwedeza.

"Abambo, mwapenga?" ananong'oneza a Esinati. "Tsikani mugwade! Mukundichititsa manyazi."

"Sindingathe."

"Simungathe kugwadira amayi anga?"

A Nangondo anayamba kumanganso kathumba kawo. "Musawavutitse. Kumudzi ndikanena kuti mkamwini wanga masiku ano amalonjera ali m'mwamba ngati khwangwala."

Apa a Kandulu anaona kuti ulemu wawo ukupita wonse. Anati angopinda mawondo pang'ono chabe, n'kuwomba m'manja. Koma kuwomba m'manja kumafuna manja, ana inu.

Phuuu! Chibolodi chija chinagwa, chinakoka chinzake, chinzakecho n'kukokanso china, mpaka siling'i yonse inatsika pabalaza. Kunagwa fumbi, zitosi za mileme ndi chisa cha makoswe, eni ake ali momwemo. A Esinati anakuwa kuti, "Mayo ine, amayi afa!" Aneba anathamangira kudzaona, n'kungoti kukamwa yasaa pakhomo.

A Nangondo anatuluka chokwawa pansi pa mabolodi, atayera ngati agwera m'chigayo. Analavula fumbi, n'kuyang'ana mkamwini wawo yemwe tsopano anali atagwadadi.

"Kodi anakuthandizani ndani ntchitoyi?"

"Ndinali ndekha, amayi."

"Ndaona," anatero mayiwo, akuchotsa kangaude kukhutu. "Apongozi, mutu umodzi susenza denga."